Asanamutche Dzina: Ntchito Younika Maganizo ndi Khalidwe la Ana

Mukafunsa anyamata ndi atsikana a m'sukulu za sekondale kuti adzagwira ntchito yanji akadzatsiriza maphunziro, mayankho ake ndi odziwika kale. Wina akuti udokotala, wina uloya, wina uinjiniya, ndipo kuno kwathu ambiri timayankha kuti unsembe, Mulungu akalola. Koma pali ntchito ina imene simungaimve ikutchulidwa, mwina chifukwa ilibe dzina limodzi m'Chichewa. Iyi ndi ntchito younika maganizo ndi khalidwe la ana ndi achinyamata, pofuna kupeza chimene chikuwavuta ndiponso chithandizo chimene akusowa. Ndaganiza zoifotokoza muno poti si tonse amene tidzafike ku seminale yaikulu. Ndipo ngakhale amene adzadzozedwe, tsiku lina mayi wina adzagogoda pakhomo la parishi atagwira dzanja mwana amene wamusowetsa mtendere, n'kufunsa kuti, "Bambo, ndipite naye kuti?"

Tiyambe taona kukula kwa nkhaniyi. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'Malawi muno munali anthu 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la anthuwa anali ana osakwana zaka 18. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati mwa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo, ndiponso kuti theka la matenda a mtundu umenewu limayamba munthu asanapitirire zaka 14. Ambiri tikamva za matenda a maganizo timathamangira kuganiza za munthu wovula, wotolatola zinyalala pamsika. Ayi, awerengi, amenewo ndi ochepa. Ochuluka ali m'kalasi ndi m'nyumba zathu, ovala bwinobwino, koma ali ndi nkhawa yosatha, kukhumudwa kosaoneka gwero lake, mantha amene anatsalira pambuyo pa ngozi, kapena chizolowezi cha chamba ndi mowa chimene akulephera kusiya.

Tiyerekeze mwana wa zaka 10 amene ali mu Sitandade 3. Aphunzitsi akudandaula kuti samvetsera. Akamuitana iye ali duu, kuyang'ana kudenga. Wabwereza kalasi kawiri, ndipo anzake akamuseka amawamenya. Kusukulu dzina lake ndi nkhutukumve. Kunyumba bambo ake akuti umenewu ndi mwano, mankhwala ake ndi mkwapulo. Agogo ake akuti alipo amene wamuchita chipongwe, kuli bwino apite naye kwa sing'anga. Anthu onsewa amamukonda mwanayo, koma aliyense watchula kale dzina la vutolo asanafunse funso n'limodzi lomwe. Wounika amasiyana nawo pamenepa. Iye anaphunzitsidwa kuti khalidwe limodzi litha kuchokera ku magwero ambiri osiyana, ndipo ntchito yake ndi kudziletsa kutchula dzina kufikira atawafufuza onse.

Gwero loyamba limene amaliyang'ana ndi thupi. Mwana amene khutu lake lakhala likutuluka mafinya kwa zaka amatha kukhala kuti kachikopa ka m'kati mwa khutumo kanabooka, ndipo mawu amamufika ngati akuchokera kutsidya la mtsinje. Mumuike kumbuyo kwa kalasi yodzaza ana ochita phokoso, adzaoneka wosamvera pamene iye ndi wosamva. Kusiyana kwa mawu awiriwa ndi kochepa, koma kwa mwanayo ndi kwakukulu zedi. Chimodzimodzinso mwana wosaona bwino pa bolodi, wochepa magazi, kapena amene amapita kusukulu m'mimba muli pululu.

Ulipo mtundu wina wa khunyu umene ambiri sitiudziwa chifukwa sugwetsa munthu pansi. Mwana amangoti zii kwa masekondi 10 kapena 15, maso ali tong'o, kenaka n'kupitiriza zimene amachita ngati palibe chachitika. Iye mwini sadziwa kuti anachokapo. Zimenezi zitha kumuchitikira kambirimbiri pa tsiku limodzi, ndiye taganizani kuti phunziro la masamu limamufika lotani, lodukaduka ngati wailesi imene mabatire ake akutha. Dokotala wodziwa amamuuza mwana kuti auzire kapepala mobwerezabwereza kwa mphindi zitatu, popeza kupuma mofulumira kumautsa khunyu lotere, ndipo limaonekera pomwepo. Matendawa ali ndi mankhwala ake. Zimandimvetsa chisoni kuganiza kuti mwana angakwapulidwe zaka zingapo chifukwa cha chinthu chimene chikanapezeka ndi kapepala.

Kuno kwathu wounika sangaiwalenso kufunsa za malungo. Ku chipatala cha Queen Elizabeth mu mzinda wa Blantyre, madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anayamba kufufuza za malungo okhudza ubongo m'zaka za m'ma 1980. Kafukufuku wina wochokera kumeneko, amene anatsogolera ndi a Gretchen Birbeck ndipo anasindikizidwa mu 2010, anatsatira ana 132 amene anapulumuka ku malungo okomola. Mwa iwowa, 12 anadzayamba kudwala khunyu, pamene mwa ana ena 264 amene sanadwale malungo a mtunduwu panalibe ndi mmodzi yemwe. Enanso mwa opulumukawo anasintha khalidwe: anayamba ukali, kusakhazikika ndi kuchita zinthu mosaganiza. Makolo amakumbukira kuti mwana anachira, anthu anathokoza, nkhani inatha. Sizibwera m'mutu mwawo kuti kupulupudza kwa lero kungakhale chipsera cha matenda amene anachitika zaka zinayi zapitazo.

Thupi likapezeka kuti lili bwino, wounika amayang'ana moyo umene mwanayo akukhala. Kodi pakhomo pagwa maliro? Kodi makolo amamenyana usiku? Kodi alipo wamkulu amene akumuchita zachipongwe n'kumuopseza kuti asaulule? Mwana wamng'ono alibe mawu onenera kuti mtima wake wasweka. Amanena ndi zochita: kuyambanso kukodza pamphasa pamene anasiya kale, kulota zoopsa, kudandaula m'mimba nthawi yopita kusukulu, kumenya ang'ono ake. Namondwe wa Freddy atagwa mu March 2023 n'kupha anthu mazanamazana m'chigawo cha kum'mwera, ogwira ntchito imeneyi anali ofunika m'misasa ya anthu othawa madzi, poti mwana amene anaona matope akukokolola nyumba yawo amatha kunjenjemera ndi kamvula kochepa ngakhale patapita miyezi.

Pokhapokha zonsezi zitafufuzidwa ndi pamene amaganiza za mavuto ena, monga kuvutika kuwerenga ngakhale nzeru zili bwino, kapena vuto lolephera kukhazikika ndi kutchera khutu limene madokotala amalitchula mwachidule kuti ADHD. Ngakhale apa pali malamulo ake. Zizindikiro ziyenera kukhala zitatha miyezi 6, zinayamba mwana asanakwane zaka 12, ndipo zikuoneka m'malo awiri kapena kuposerapo. Lamulo lomalizali ndi lanzeru. Mwana amene amavuta kusukulu kokha koma kunyumba ndi kudambo ali bwinobwino, funso lisapite kwa mwanayo ayi, lipite kusukuluko.

Mmene amagwirira ntchito

Zipangizo za wounika si zambiri. Chachikulu ndi kufunsa, paja safunsa anadya phula. Amayamba ndi mayi kapena amene akulera mwanayo, ndipo mafunso ake amabwerera mpaka pa mimba: kodi mayi anadwala ali oyembekezera, kodi mwana analira msanga atangobadwa, anakhala pansi liti, anayenda liti, anayamba kulankhula ali ndi zaka zingati. Amapempha kabuku ka kusikelo ndi ka kuchipatala. Inu makolo, timabuku timeneti musamatitaye mwana akakula, muli mbiri imene mutu sungasunge. Akatero amafuna kumva kwa mphunzitsi, chifukwa mphunzitsi amamuona mwanayo pakati pa anzake a msinkhu umodzi, chinthu chimene kholo silingathe.

Kenaka amacheza ndi mwanayo. Apa ndi pamene luso limaonekera. Mwana wa zaka 6 simungamukhazike pampando n'kumufunsa kuti "Vuto lako n'chiyani?" Adzangoyang'ana pansi, kapena adzayankha chimene akuganiza kuti mukufuna kumva. Wounika amakhala naye pamphasa, n'kumupatsa pensulo kuti ajambule anthu a pakhomo pawo, kapena zidole kuti asewere zawana, iye n'kumaonerera. Amaona ngati mwanayo amayang'ana munthu kumaso, ngati amatembenuka akaitanidwa dzina, ngati amathamangira kwa amake akachita mantha kapena amawathawa. Nthawi zambiri ulendo umodzi sukwanira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sindikudziwa ntchito ina imene mwambiwu ukuikhalira bwino kuposa iyi.

Alinso ndi mapepala a mafunso amene akatswiri anawayesa pa ana ambirimbiri. Limodzi lodziwika kwambiri ndi Strengths and Difficulties Questionnaire, limene anakonza dokotala wa ku Britain, Robert Goodman, mu 1997, ndipo linamasuliridwa m'zilankhulo zambiri. Lili ndi mafunso 25 ogawidwa m'magulu asanu: za nkhawa ndi kukhumudwa, za khalidwe losokoneza, za kusakhazikika, za kugwirizana ndi anzake, ndi za mtima wothandiza ena. Kholo limayankha pepala lake, mphunzitsi lake, ndipo mwana amene wakwana zaka 11 amayankhanso yekha. Gulu lachisanulo ndi limene limandikondweretsa. Mayi amene wabwera ndi mndandanda wa zolakwa za mwana amafunsidwa ngati mwanayo amagawira anzake chakudya, ngati amathandiza wina akavulala. Zabwino zimenezi ndi zimene chithandizo chimadzatsamira pambuyo pake. Komabe pepala lotere silitchula matenda. Limangoonetsa mwana amene ayenera kuonedwa mofatsa.

Pali chinthu china chimene a Malawi tinganyadire nacho. Kwa nthawi yaitali, njira zoyezera kakulidwe ka ana aang'ono zinkachokera ku Ulaya ndi ku America. Imodzi ya ku America, yotchedwa Denver II, imafunsa ngati mwana amatha kudzikonzera chakudya cha m'mawa cha m'paketi chothira mkaka, ndiponso ngati amasewera masewera a makadi. Mwana wa kumudzi kwa Makanjira angalephere mafunso amenewa, n'kulembedwa kuti ndi wotsalira, chonsecho amatha kubereka mng'ono wake kumbuyo ndi kusenza kachidebe ka madzi osataya dontho. Poona zimenezi, dokotala wa ana Melissa Gladstone pamodzi ndi anzake a ku College of Medicine anakonza njira ina yogwirizana ndi moyo wa kuno, yotchedwa Malawi Developmental Assessment Tool, imene inasindikizidwa mu 2010. Ili ndi zoyesa 136 za ana ongobadwa kumene mpaka a zaka 6, ndipo imaona zinthu zinayi: mphamvu zoyendera ndi kudumpha, luso la zala, kulankhula, ndi kukhala ndi anthu. Mayiko ena anaitenga n'kumaigwiritsa ntchito. Apa tikuona kuti m'ntchito imeneyi kudziwa chilankhulo ndi chikhalidwe cha mwana si chinthu chongowonjezera. Mwana wa Chichewa amene sayang'ana wamkulu m'maso akhoza kukhala kuti akungopereka ulemu, ndipo mlendo wosadziwa angalembe zina.

Achinyamata a msinkhu wathu ali ndi zawonso. Wachinyamata wokhumudwa nthawi zambiri salira. Amapsa mtima msanga, amadzipatula, amasiya mpira umene ankaukonda, amagona kwambiri kapena sapeza tulo, ndipo malikisi amatsika. Zoterezi zikapitirira milungu iwiri, wounika amatchera khutu. Mu 2014 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa achinyamata 562 a zaka 12 mpaka 18 a kuno ku Malawi amene ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo anapeza kuti pafupifupi 19 mwa 100 alionse anali ndi matenda okhumudwa. Zimenezi n'zoopsa chifukwa wachinyamata amene wataya mtima amathanso kusiya kumwa ma ARV, ndipo akuchipatala angamudzudzule kuti ndi wosasamala pamene gwero lili kwina.

Wounika amacheza ndi wachinyamata payekha, makolo atatuluka panja, ndipo amafunsa mafunso amene ife sitingayerekeze: za chamba, za mowa, za zibwenzi, ngakhale loti, "Kodi unaganizapo zodzipha?" Ambiri amaopa kuti funso limeneli lingamupatse mwana maganizo amene analibe. Ofufuza anapeza kuti sizitero, ndipo kawirikawiri wofunsidwayo amapepukidwa poona kuti alipo amene sakuchita naye mantha. Asanayambe kucheza, wounika amanena poyera malire a chinsinsi: zonse zikhala pakati pa awiriwo, kupatula ngati moyo wa mwanayo kapena wa munthu wina uli pangozi, kapena ngati wina akumuchita nkhanza. Pamenepo ayenera kuuza oyenera. Chinsinsi chake n'chosiyana ndi cha m'kulapa, chimene wansembe sangaulule zivute zitani.

Makomo olowera

Nanga amene amagwira ntchitoyi ndani? Si munthu mmodzi, ndipo khomo silimodzi.

Khomo lalitali kuposa onse ndi la dokotala wa matenda a maganizo, amene pa Chingerezi amati psychiatrist. Ameneyu amayamba wakhala dokotala monga ena onse. Kuno kwathu maphunzirowa amachitikira ku Kamuzu University of Health Sciences, imene inayamba mu 2021 pamene College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing anaziphatikiza. Ndi zaka 6 tikawerengera chaka chokonzekera, kenaka miyezi 18 yogwira ntchito moyang'aniridwa, kenaka zaka zina 4 zophunzira za maganizo zokhazokha. Wofuna kukhala katswiri wa ana yekhayekha amawonjezanso zaka zina kunja, monga ku South Africa. Mnyamata amene ali mu Fomu 3 lero akhoza kufika pamenepo atapitirira zaka 30. Madokotala oterewa ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, moti mwana wa kumudzi sangayembekeze kuti adzaonedwa ndi mmodzi wa iwo.

N'chifukwa chake katundu wamkulu ali pa mapewa a ma clinical officer ndi anamwino amene anawonjezera maphunziro a za maganizo. Awa ndi amene mungawapeze pa chipatala cha boma laling'ono, ndipo ndi amene amakwera galimoto kukaona odwala m'zipatala za kumidzi. Amafunsa, amayeza thupi, amapereka mankhwala a khunyu ndi ena, ndipo amadziwa nthawi yotumiza mwana ku chipatala chachikulu. WHO inazindikira kuti mayiko osauka sangadikire akatswiri, choncho mu 2008 inayambitsa ndondomeko yotchedwa mhGAP, yophunzitsa ogwira ntchito wamba a m'zipatala kuzindikira ndi kuthandiza mavuto a maganizo, kuphatikizapo a ana. Kwa ine khomo ili ndi limene lingapindulitse ana ambiri msanga, ngakhale kuti silimveka dzina ngati loyamba lija.

Amene wathandiza kwambiri kusula anthu oterewa ndi Abulazala a chipani cha St John of God, amene anafika ku Mzuzu mu 1993. Mbiri ya woyera mtima amene chipanichi chinatengera dzina ikugwirizana ndi nkhani yathu. Iye anabadwira ku Portugal mu 1495, ndipo ali ku Granada m'dziko la Spain anthu anamuyesa wamisala n'kumutsekera m'chipatala mmene odwala ankakwapulidwa poganiza kuti ndiwo mankhwala. Atatuluka anatsegula nyumba yake yosamalira odwala mwaulemu, mpaka anamwalira mu 1550. Ku Mzuzu abulazalawa ali ndi chipatala cha matenda a maganizo, malo othandizira ana amene akukula movutikira, ntchito yosamalira ana a m'misewu, ndiponso sukulu ya ukachenjede yophunzitsa ma clinical officer, anamwino ndi alangizi. Anatsegulanso chipatala china ku Lilongwe. Tikayerekeza ndi kumene tachokera, mtunda ndi wautali ndithu: malo oyamba osungirako odwala misala m'dziko muno anatsegulidwa mu 1910 ngati mbali ya ndende ya Zomba, ndipo chipatala chenicheni cha Zomba Mental chinadza mu 1953.

Psychologist ndi wosiyana ndi dokotala. Iye salemba mankhwala. Luso lake ndi kuyeza nzeru, chikumbumtima cha zinthu ndi kaphunziridwe ka mwana, ndiponso kuchiza pokambirana. Phunziro la psychology lilipo ku University of Malawi ku Zomba, koma anzanga dziwani kuti digiri yoyamba yokha sikupangitsani kukhala woona odwala. Pamafunika digiri yachiwiri ndi nthawi yogwira ntchito pansi pa katswiri. Mmodzi wodziwika pa ntchitoyi kuno ndi a Chiwoza Bandawe, amene aphunzitsa madokotala ku Blantyre kwa zaka zambiri ndipo akhala akulemba m'nyuzipepala za thanzi la maganizo. Pafupi ndi psychologist pali mlangizi, amene maphunziro ake ndi aafupi. Alangizi amapezeka m'zipatala, m'sukulu, m'mabungwe, ndiponso pa lamya yaulere ya ana ya 116 imene bungwe la YONECO limathandiza kuyendetsa. Pa lamya mlangizi saona nkhope, ndiye ayenera kuzindikira ndi khutu lokha ngati mwana amene akulankhula nayeyo ali pangozi usiku womwewo.

Khomo limene ambiri salidziwa ndi la ofesi yosamalira anthu, imene timangoti a social welfare. Awa amaphunzira ku Magomero College m'boma la Chiradzulu, kapena kutenga digiri ya social work monga imene ili ku Catholic University ku Nguludi. Dokotala amaona mwana m'chipinda, koma wa social welfare amapita kunyumba kwake. Amaona pamene amagona, amene amamuphikira, ndi amene amamuopa. Pa malo a Chikwanekwane a m'zipatala zikuluzikulu, kumene mwana wochitidwa nkhanza amapeza dokotala, wapolisi ndi mlangizi pa denga limodzi, iwowa amakhalaponso. Udindo wawo umalemera kwambiri mwana akapalamula. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010 limafuna kuti mwana wogwidwa ndi mlandu asatengedwe ngati wamkulu, ndipo kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Ofesala woyang'anira ana oterewa amafufuza mbiri ya mwanayo n'kulemba lipoti lopita ku khoti la ana. Lipotilo limathandiza woweruza kusankha ngati mwana abwerere kwawo moyang'aniridwa, kapena apite ku malo osinthira khalidwe a ku Mpemba kapena ku Chilwa. Tangoganizani mnyamata wa zaka 14 amene waba nkhuku. Wina akalemba kuti "ndi wakuba wozolowera," ndipo wina, atapita kukaona, akalemba kuti "ndi mwana wamasiye amene akulera ang'ono ake awiri," mnyamata yemweyo adzayenda njira ziwiri zosiyana.

Tisaiwale aphunzitsi. Ku Montfort Special Needs Education College, ku Nguludi komweko, amaphunzitsa aphunzitsi luso lothandiza ana osamva, osaona ndi ovutika kuphunzira. Mphunzitsi wotere kawirikawiri ndiye woyamba kukayika kuti nkhutukumve uja mwina si nkhutukumve.

Minga yake

Ndisakunamizeni kuti ntchitoyi ndi yofewa. Anthu ena amakhulupirira kuti wogwira ntchito ndi odwala maganizo nayenso mutu umadzasokonekera, ndipo achibale angakufunseni chifukwa chimene simunasankhe udokotala "weniweni." Ntchito zambiri za m'mabungwe zimatha pamene thandizo la ndalama latha. Chowawa kwambiri, mmene ndikuonera, ndi ichi: kupeza vuto koma chithandizo chake palibe. Wounika angadziwe bwino kuti mwana akufunika mphunzitsi wapadera, koma sukulu yotero ili kutali ndipo makolo alibe ndalama yokwerera basi. Pamenepo ayenera kufunafuna chimene chingatheke pomwepo, monga kupempha aphunzitsi kuti amukhazike kutsogolo, kapena kuphunzitsa amake njira ina yomulangizira m'malo mwa mkwapulo. Komanso kumva nkhani za ana ogwiriridwa tsiku ndi tsiku kumalemetsa mtima, moti ogwira ntchitoyi amalangizidwa kukhala ndi mnzawo wamkulu pa ntchito amene amakamutulira nkhawa zawo.

Palinso nkhani ya asing'anga ndi mapemphero. Makolo ambiri amafika kuchipatala atayamba ayenda kwina. Wounika amene amawaseka kapena kuwakalipira sawaonanso kachiwiri, ndipo wotayika ndi mwanayo. Wanzeru amafunsa mwaulemu chimene banjalo likukhulupirira ndi mankhwala amene mwana wamwa kale, kenaka amafotokoza zimene iye wapeza m'mawu oti agogo amve. Abambo athu ansembe ndi makatekisiti ali ndi mwayi pamenepa, popeza anthu amawakhulupirira. Mwana akhoza kupemphereredwa Lamulungu n'kupita kuchipatala Lolemba, ziwirizi sizilimbana.

Kwa anzanga amene nkhaniyi yawagwira mtima, kukonzekera kuyambe tsopano. Makomo a udokotala, u clinical officer ndi unamwino amafuna kukhoza bwino Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi pa mayeso a MSCE. Amene sayansi imawavuta asataye mtima, chifukwa social work, uphungu ndi uphunzitsi zimalandira ophunzira a maphunziro enanso. Zofunika polowera zimasintha chaka ndi chaka, choncho muziwerenga zidziwitso za bungwe la NCHE ndi za masukuluwo, ndipo muonetsetse kuti sukulu imene mukufuna ndi yovomerezeka, poti clinical officer sangagwire ntchito popanda kulembetsa ku Medical Council of Malawi, ndipo namwino ku Nurses and Midwives Council. Chichewa musachinyoze, ndipo amene angathe aphunzireko Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe kapena Chisena kwa anzathu a m'chipinda chogona. Mwana wa zaka 5 wa ku Nsanje kapena ku Rumphi sadzakuuzani maloto ake oopsa m'Chingerezi, ndipo womasulira amene angapezeke pafupi nthawi zina amakhala wachibale yemwe uja amene mwanayo akumuopa.